Maola atatu m'holo ya mayeso: momwe mphunzitsi wa m'koleji angagwiritsire ntchito nthawi yoyang'anira

Kugawa mapepala ndi kutolera sikuvuta. Chimene chimagwetsa aphunzitsi ambiri a m'makoleji ndi chapakatipo, pamene holo yangoti zii, ophunzira onse awerama, panja kukutentha, ndipo mu ofesi muli mulu wa mapepala a kalasi ina odikira kuchongedwa. Apa ndi pamene munthu amatulutsa foni kapena peni yofiira, mwinanso kuyamba kusinza. Ndi pomweponso likasa limatuluka m'sokosi, kabuku koyankhira kamatuluka pakhomo, ndipo pomaliza chiwerengero cha mapepala chimakana kugwirizana ndi kaundula.

Nthawi imeneyi ili ndi ntchito zake, ndipo mukaidula m'zigawo imatha msanga kuposa mukamangoyang'ana wotchi. Malangizowa akutengera mayeso a maola atatu oyamba 8:30 m'mawa, ophunzira 120, oyang'anira atatu. Koleji iliyonse ili ndi malamulo ake a mayeso. Pamene akusiyana ndi zili pano, tsatirani a koleji yanu.

Zotenga polowa m'holo

- Envulopu ya mapepala a mafunso, yomata, yosatsegulidwa
- Timabuku toyankhira 120, ndi tina 30 toonjezera
- Kaundula wa olembetsa phunzirolo, makope awiri
- Mafomu a lipoti la kubera mayeso ndi a wophunzira wodwala
- Wotchi ya pakhoma kapena ya pamkono
- Choko kapena maka yolembera pabolodi
- Mapeni anu awiri, ndi ena asanu obwereketsa
- Sitepula yodzaza, kapena tizingwe tomangira timabuku
- Maenvulopu akuluakulu opanda kanthu ndi selotepi
- Pepala loyera lojambulapo mapu a holo
- Botolo la madzi ndi nsapato zosagogoda pansi
- Manambala a foni a mwini phunzirolo, ofesi ya mayeso ndi kiliniki, olembedwa papepala

Laputopu, mapepala ochonga, nyuzipepala ndi mahedifoni zitsale ku ofesi. Mukalowa nazo mudzazigwira, ngakhale mutalumbira.

Chitseko chisanatsegulidwe

1. Fikani ku ofesi ya mayeso pofika 7:45. Musanasainire envulopu, werengani dzina la phunziro, nambala yake, tsiku ndi nthawi. Chenjezo: maenvulopu a dipatimenti imodzi amafanana kwambiri. Mukatsegula pepala la masana m'mawa, pepalalo lafa, ndipo mnzanu ayambiranso kukonza mafunso.

2. Yenderani holo isanalowe munthu. Yang'anani pamwamba ndi pansi pa madesiki, pamipando, m'makoma ndi m'mawindo. Zolembedwa ndi pensulo padesiki sizioneka mutaima chilili, muziwerama kuti kuwala kugunde chammbali. Fufutani bolodi. Mmodzi akaone kuchimbudzi, kuseri kwa thanki ya madzi ndi pamwamba pa chitseko. Pakati pa wophunzira ndi mnzake pakhale mpata woposa mita imodzi, ndi njira yoti inu mudutse osagunda chigongono cha wolemba.

3. Gawanani ntchito mudakali atatu. Ndani akulengeza, ndani akugwira kaundula, ndani akusunga timabuku toonjezera, ndani akuperekeza opita kuchimbudzi. Pakhale mayi ndi bambo. Ngati nonse ndinu amuna, pemphani ofesi ikupatseni mayi mayeso asanayambe, osadikira kuti mtsikana akweze dzanja.

4. Lowetsani ophunzira 8:15. Zikwama kutsogolo kapena kunja, mafoni azimitsidwe n'kusiyidwa m'zikwamamo, mawotchi a mtundu wa smartwatch chimodzimodzi. Malo asankhe ndinu. Anthu amene alowa akuthamangira kona imodzi ya kumbuyo abalalitseni mofatsa. Wophunzira wa khungu lachialubino kapena wina aliyense wovutika kuona akhale kutsogolo, kutali ndi windo lolowetsa dzuwa, ndipo tsimikizani kuti pepala lake la zilembo zikuluzikulu lilipo. Ngati pali amene anapatsidwa nthawi yoonjezera, lembani nthawi yake yomalizira pa kaundula pompo.

5. Onetsani envulopu kuti ndi yomata, ophunzira awiri a kutsogolo aione, kenako tsegulani. Gawani mapepala chozondotsa. Lengezani mwachidule: chiwerengero cha masamba ndi cha mafunso, malamulo otuluka, ndi mwayi womaliza wopereka foni kapena kapepala kalikonse popanda mlandu. Lembani pabolodi nthawi yoyambira ndi yomalizira. Chenjezo: lembani nthawi imene mwayambadi. Mukayamba 8:37, mayeso atha 11:37.

Mphindi 30 zoyambirira

6. Onani ziphaso ndi kusainitsa kaundula ophunzira akulemba. Wophunzira mmodzi amatenga masekondi pafupifupi 20, choncho anthu 120 ndi mphindi 40 kwa munthu mmodzi. Awiri agawane mizere, amaliza m'mphindi 20, wachitatu aime kumbuyo akuyang'ana holo yonse. Yang'anani zinthu zitatu: nkhope ndi chithunzi, nambala ya pachiphaso ndi ya pakabuku, siginecha. Chenjezo: ambiri amangoona kuti chiphaso chili padesiki n'kudutsa. Wolembera mnzake mayeso amadalira zimenezo.

7. Werengani mitu ya ophunzira kawiri, woyang'anira aliyense payekha, ndipo manambala agwirizane ndi masiginecha. M'makoleji ambiri wochedwa saloledwa kulowa pakatha mphindi 30, ndipo palibe wotuluka nthawi imeneyo isanakwane, kuti pepala lisatuluke ena asanalowe. Ikakwana 9:00 lembani chiwerengero chomaliza pamwamba pa kaundula, ndi kulemba chizindikiro pa mayina a osabwera. Nambala imeneyi ndiyo mudzaifuna 11:30.

8. Wina akati funso lalakwika, musalikonze nokha ngakhale phunzirolo mukulidziwa. Mmodzi atuluke akaimbire mwini pepala. Yankho likabwera, lilembedwe pabolodi ndi kulengezedwa kwa onse, komanso lifike kuzipinda zina kumene akulemba pepala lomwelo. Kumasulira funso kwa wophunzira mmodzi ndi kumuthandiza. Mungomuuza kuti, "Achimwene, yankhani monga mwamvera, ndipo lembani m'kabukumo momwe mwalimvera funsolo."

Maola awiri a pakati

Apa ndiye pagona ntchito. Maso a munthu satha kukhala tcheru nthawi yaitali poyang'ana chinthu chosasintha. Norman Mackworth anaonetsa zimenezi mu 1948, atayesa anthu oyang'anira muvi wa wotchi kwa maola awiri: pakangotha theka la ola loyamba ankayamba kuphonya zimene poyamba ankaziona. Kudzilimbitsa mtima pakokha sikukwanira. Chofunika ndi kusintha malo ndi ntchito maso asanatope.

9. Dulani nthawi kuyambira 9:00 mpaka 11:00 m'zigawo zisanu ndi chimodzi za mphindi 20. Malo ndi atatu: kutsogolo, kumbuyo, ndi woyenda m'mizere. Chigawo chikatha sinthanani, wa kutsogolo apite kumbuyo, wa kumbuyo ayambe kuyenda, woyenda akakhale kutsogolo. Aliyense adzakhala pamalo alionse kawiri. Kusinthanaku kusachitike pamphindi yeniyeni nthawi zonse. Lolani kuti nthawi zina kufulumire kapena kuchedwe pang'ono, chifukwa ophunzira amawerenga oyang'anira monga momwe inu mukuwawerengera iwo.

10. Malo amphamvu kuposa onse ndi kumbuyo. Wokhala kutsogolo amaoneka, ndipo wofuna kubera amangodikira kuti awerame. Woima kumbuyo saoneka, ndiye amene akufuna kudziwa kumene muli ayenera kucheuka, ndipo kucheukako ndiko kumamuulula. Wa kutsogolo akhoza kukhala pansi, koma mpando ukhale pambali pa tebulo, moyang'ana holo. Woyenda aziyenda pang'onopang'ono, asatsate mizere mwa dongosolo limodzi, nthawi zina abwerere pamene wadutsa kale. Chenjezo: musaime pamutu pa wophunzira n'kumawerenga zimene akulemba. Ena dzanja limauma, ndipo nkhope yanu ikasintha amafufuta yankho lolondola.

11. Dziwani chimene mukuyang'ana. Kuyang'ana holo yonse nthawi imodzi ndi kusayang'ana kanthu. Tengani mzere umodzi, yambani ndi manja: onse awiri ali pamwamba pa desiki? Kenako maso: ali pa pepala, padenga, kapena pamiyendo? Woganiza amayang'ana kutali. Amene ali ndi likasa amayang'ana pansi, n'kulemba mofulumira mizere iwiri, n'kuyang'ananso pansi, ndipo amakutsatani ndi maso kulikonse kumene mwapita. Malo amene zinthu zimabisika ndi awa: chivundikiro cha calculator, kuseri kwa rula, mkati mwa pepala lomatidwa pa botolo la madzi, m'manja mwa jekete m'miyezi yozizira ya June ndi July, m'chikhatho, pantchafu, m'mapindo a chitenje, ndi kam'khutu kobisika ndi mpango kapena chipewa. Onaninso kabuku kokankhidwira m'mphepete mwa desiki kuti wa kumbuyo aonere, ndi mapepala a mafunso amene akusinthana eni ake atalembapo mayankho.

Zimenezi ndi zokuuzani koyang'ana basi, si umboni. Munthu wamantha amathanso kumakuyang'anani pafupipafupi alibe kanthu kalikonse.

12. Gwirani ntchito zing'onozing'ono zosachotsa maso pa holo kupitirira masekondi ochepa. Zilipo zokwanira kudzaza maola awiri:

- Jambulani mapu a holo, mizere ndi madesiki, ndipo lembanimo manambala a ophunzira mzere umodzi pa chigawo chilichonse. Wochonga akadzapeza mapepala awiri ofanana liwu ndi liwu, mapu amenewa ndiwo adzanene ngati eni ake anakhala moyandikana.
- Lembani aliyense wolandira kabuku koonjezera: nambala yake ndi nthawi. Musanapereke, onani kuti koyamba kadzazadi, ndipo sainani pa katsopanoko. Kabuku kopanda kanthu kakatuluka m'holo lero, mawa kabwera kali kolembedwa kale.
- Werengani mitu pa chiyambi cha chigawo chilichonse, kuchotsera amene amaliza n'kutuluka.
- Lembani pa maenvulopu obwezera dzina la phunziro, tsiku, holo ndi mayina anu. Siyani malo a chiwerengero.
- Lembani funso limene manja akwezedwera kangapo. Mwini phunziro adzafuna kudziwa zimenezi asanayambe kuchonga.
- Onani mpweya ndi kuwala. Tsegulani windo, sunthani amene dzuwa lamupeza. Magetsi akazima ndipo mbali ina yada, lembani nthawi ndi mphindi zimene zatayika.

Ngati pepala ndi lanu lomwe, pali phindu lina. Poyang'ana mumaona kuti pofika 10:00 ambiri ali pa tsamba liti, ndi angati amene atuluka ola lisanathe, ndi angati amene akulembabe mothamanga pamapeto. Zimenezi zimakuuzani ngati pepala linali lalitali kapena lalifupi, ndipo simungazione mu ofesi.

13. Kuchimbudzi azipita mmodzimmodzi, moperekezedwa ndi woyang'anira wofanana naye, mayi kwa mayi, bambo kwa bambo. Kabuku ndi pepala la mafunso zitsale padesiki chozondotsa. Lembani nambala yake, nthawi yotuluka ndi yobwera. Woperekeza akatuluka, otsala awiri aime wina kutsogolo wina kumbuyo. Chenjezo: holo isatsale ndi munthu mmodzi. Wachiwiri akapempha kutuluka, adikire woyamba abwere. Koma musakanize munthu kupita. Pali oyembekezera, odwala shuga ndi otsegula m'mimba, ndipo sakuyenera kukufotokozerani pagulu.

14. Tulo timabwera kwambiri pa mayeso a masana, m'miyezi ya October ndi November, makamaka m'holo ya malata opanda siling'i. Idyani mopepuka musanalowe, nsima yambiri isiyeni ya madzulo. Mukamva zikope kulemera imirirani pompo, pemphani kusinthana ndi woyenda, imwani madzi. Mutaima kumbuyo mukhoza kuongola msana ndi kusuntha zala za kumapazi popanda wina kudziwa. Ngati oyang'anira muli anayi kapena kuposa, mukhoza kupatsana mphindi zisanu zopuma panja mmodzimmodzi. Muli atatu, kutuluka ndi kwa chimbudzi ndi zadzidzidzi zokha.

15. Mukaona kubera, musafuule. Kodolani mnzanu kuti naye aone, chifukwa umboni wa anthu awiri ndi umene umaima pamaso pa komiti yoweruza milandu ya kubera mayeso. Pitani mwakachetechete n'kunena motsitsa mawu: "Achemwali, ndipatseni kapepala kali pansi pa kabukuko." Tengani chinthucho. Lembani mzere m'kabuku pamene wafika, nthawi ndi siginecha yanu. Makoleji ambiri amati wophunzirayo apatsidwe kabuku kena apitirize kulemba, popeza woweruza mlandu ndi komiti, si inu. Lembani lipoti nthawi yomweyo: nthawi, malo pa mapu, chimene munaona ndi maso, chimene munatenga, mawu amene ananena. Lembani kuti "ndinaona kapepala kolembedwa pamanja pansi pa kabuku", osati "amabera". Mayeso akatha mupatseni mpata alembe mbali yake ndi kusaina.

Chenjezo lalikulu lili pa thupi la munthu. Musapise dzanja m'thumba kapena m'zovala za wophunzira. Ngati zalembedwa pakhungu kapena zabisidwa m'zovala, aone ndi woyang'anira wofanana naye, pambali, pali mboni. Akakana kupereka, kapena akameza kapepalako, musalimbane naye. Lembani zimene zachitikazo, mnzanu asainire. Foni yogwidwa musaitsegule nokha, iikeni mu envulopu, mumate, mulembepo nambala ya mwini wake.

16. Wina akadwala, mmodzi amuthandize, mmodzi aimbire kiliniki, wachitatu maso akhale pa holo, chifukwa chipwirikiti ndi mpata wa oonera. Wokomoka mugonekeni chagada, mukweze miyendo, mumasule kolala. Wogwa khunyu muchotsereni madesiki pafupi, muikireni chofewa kumutu, musamuike kanthu m'kamwa ndipo musamupanikize. Kugwedezeka kukasiya mugonekeni chammbali. Kukapitirira mphindi zisanu, afunika achipatala msanga. Lembani nthawi imene anasiya kulemba ndipo sungani kabuku kake padera.

Theka la ola lomaliza

17. Lengezani kawiri kokha, kutatsala mphindi 30 ndi kutatsala 10. Kulengeza pafupipafupi kumadula maganizo a olemba. Mvula ikamalira pa malata, lembani pabolodi, mawu samveka kumbuyo. Kumbutsani kuti aone nambala zawo pa timabuku tonse ndi kulemba pachikuto mafunso amene ayankha. Kutatsala mphindi 15 tsekani khomo, wina asatulukenso.

18. Nthawi ikakwana nenani kuti zolembera pansi, onse akhale pamene ali. Awiri atolere mzere ndi mzere, mmodzi aime pakhomo. Mangani timabuku toonjezera ndi koyamba pomwepo padesiki, mwini wake akuona. Werengani kawiri ophunzira asanatuluke. Mapepala amene mwatolera, kuphatikiza a otuluka msanga, afanane ndi nambala ija munalemba 9:00. Lina likasowa, mwini wake akadali m'holo, ndipo nthawi zambiri limapezeka pansi pa pepala la mafunso. Chenjezo: musalole kuti ophunzira aziunjika okha mapepala patebulo potuluka. M'chipiringu chimenecho wina amatuluka ndi kabuku kake, mawa n'kumati anapereka.

19. Werenganinso timabuku tosagwiritsidwa ntchito. Mwa 150 timene munalandira, chotsani togawidwa poyamba ndi toonjezera timene munalemba, totsala tigwirizane ndi tili m'manja. Ikani mapepala mu envulopu motsata kaundula, lembani chiwerengero, matani, sainani nonse podutsa pomatapo. Pitani nawo ku ofesi ya mayeso osapatukira kwina, ndipo wolandira awerenge ndi kusaina inu muli pomwepo.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kuchonga mapepala m'holo. Ichi ndiye chofala, ndipo chimamveka, chifukwa nyengo ya mayeso ntchito imachuluka ndipo magiredi amafunidwa msanga. Koma kuwerenga yankho limodzi kumaweramitsa mutu mphindi yathunthu kapena ziwiri, pamene kupatsirana kapepala kumatenga masekondi atatu. Kuchongako nakonso kumakhala kwa mtima uwiri, moti mukulakwira makalasi awiri nthawi imodzi. Palinso ngozi yoti mapepala akalewo asakanikirane ndi atsopano potolera, kapena obwera kudzatenga kabuku koonjezera aone magiredi a anzawo.

Foni m'manja. Ena amati akuonerapo nthawi, koma uthenga wa WhatsApp ukangolowa maso apita. Foni ikhale imodzi, ya mkulu wa oyang'anira, yosalira, yoimbira ofesi ndi kiliniki, ndipo aziyankhira panja.

Kucheza pakhomo. Oyang'anira awiri akaima pamodzi n'kumanong'onezana, mbali ina ya holo yatsala yokha, ndipo a mizere yoyandikana nawo akumva zonse. Ngati pali chouzana, lembani pakapepala.

Kuyang'ana munthu mmodzi yekha. Mukamukayikira wina n'kumuimirira ola lonse, ena 119 amasuka, ndipo ngati ndi wosalakwa mwamuonongera mayeso. Muuzeni mnzanu amuone kuchokera kwina, kapena musunthireni kutsogolo mwaulemu popanda kumunenera kanthu.

Kukhululuka pamalopo. Wophunzira akagwada n'kumati, "Pepani aphunzitsi, ndine wa chaka chomaliza," mtima umagwa. Koma mukang'amba likasa n'kumusiya, amene anaona adziwa kuti lamulo limatengera amene wayang'anira tsikulo, ndipo nkhani ikadzamveka wofunsidwa ndinu. Zimene wadandaulazo zilembeni mu lipoti kuti komiti izione.

Kusiya lipoti kuti mudzalemba mawa. Pofika mawa simukumbukira ngati zinachitika 10:10 kapena 10:40, mnzanu akumbukira mzere wina, ndipo mboni ziwiri zikasiyana mawu mlandu umathera pomwepo.

Kuonjezera nthawi mwa chifundo. Mphindi zisanu zimene mwapatsa holo yanu, a m'chipinda china olemba pepala lomwelo sanazilandire. Nthawi ionjezedwe pokhapokha yatayikadi, monga magetsi atazima kapena funso litakonzedwa mochedwa, ndipo mkulu wa oyang'anira agwirizane kaye ndi ofesi ya mayeso kuti zipinda zonse zilandire mphindi zofanana.